Kodi dzanzi la m'zala limatha ukachitidwa opaleshoni? Zomwe manja athu awiri atiphunzitsa

A admin, tiloleni lero tisiye kaye za reti ya randi ndi mizere ya pa Beitbridge, tikambeko za manja. Nkhani ya dzanzi la m'zala yabwera kangapo muno, ndipo sabata yathayi mayi wina walemba kuti adokotala awauza zochitidwa opaleshoni, koma akuopa kutaya ndalama ndi nthawi, dzanzi n'kukhalapobe. Ena awayankha kuti pitani mayi, mukachira. Ena akuti musayerekeze, m'bale wawo anapita koma mpaka lero zala sizimva. Onsewa akunena zomwe anaona, palibe akunama. Ife tinachitidwa opaleshoni imeneyi manja onse awiri, lamanja zaka 4 zapitazo, lamanzere zaka 2 zapitazo, ndipo manja awiriwa sanachire mofanana. Sindife madokotala, ndife a geni anzanu, koma zomwe tinauzidwa kuchipatala ndi zomwe taona pathupi pathu zingathandize wina kusankha bwino.

Matendawa madokotala amawatchula kuti carpal tunnel syndrome. Pomwe timavala wotchi, mbali ya kuchikhatho, pali kanjira kopapatiza. Pansi ndi m'mbali mwake muli timafupa, pamwamba pake pali kalamba kolimba kosatamuka. M'kanjirako mumadutsa zingwe 9 zimene zimapinda zala, pamodzi ndi mtsempha umodzi wofewa wotchedwa median nerve. Umenewu si mtsempha wa magazi ayi, ndi wonyamula uthenga pakati pa zala ndi ubongo. Ndi umene umachititsa kuti chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala cha mphete zizimva zomwe zakhudza. Kachala kakang'ono kali ndi mtsempha wake wina. M'kanjiramo mukathina, chimene chimafinyika ndi mtsemphawo, poti ndiwo wofewa kuposa zonse.

Ntchito yathuyi manja siiwachitira chisoni. Timakoka mabelo a kaunjika, timanyamula zikwama zolemera zingwe zake zitalowa m'zala, timagona m'basi kuchokera ku Joni dzanja litapindika pansi pa chibwano. Adalaivala amagwira chiwongolero chonjenjemera tsiku lonse, akatsika n'kuyamba kukoka tenti ndi kumanga malamba. Koma si ntchito yokha. Matendawa amagwira kwambiri amayi kuposa abambo, makamaka a msinkhu wathuwu, ndipo amakonda anthu a shuga, onenepa, a vuto la chithokomiro, ndi amene dzanja linathyokapo. Amayi oyembekezera nawo amawamva, koma kwa ambiri amatha okha akabereka.

Opaleshoni yake si yaikulu. Amakubaya jakisoni wochititsa dzanzi pachikhatho, uli maso, n'kucheka pang'ono, n'kudula kalamba kaja kuti kanjira katakasuke. Kawirikawiri sipatha theka la ola, ndipo umabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Apa ndi pomwe ambiri timasokonezeka. Dokotala sakonza mtsempha. Iye amangochotsa chimene chimaufinya. Kuchira kwa mtsemphawo ndi ntchito ya thupi lako, ndipo kumadalira kuti unali utawonongeka kufika pati tsiku limene unagona pabedi lija.

Adalaivala mumvetsa msanga tikayerekeza ndi waya wa magetsi opita kungolo. Waya ukangopanikizika, magetsi amathimathima, koma ukachotsa chopanikizacho amayaka nthawi yomweyo. Ndi mmene lilili dzanzi lobwera n'kuchoka, lija lokudzutsa 2 koloko usiku n'kutha ukakutumula dzanja. Mtsempha umakhala ukungosowa magazi kwa kanthawi. Waya ukakhalitsa chopanikizika, chikopa chake chimasupuka. Mtsempha nawo uli ndi chokutira chake, ndipo chikawonongeka thupi limachikonza, koma pamatenga masabata angapo kapena miyezi. Waya ukakhalitsa kwambiri, timawaya ta m'kati timayamba kuduka. Pamenepo dzanzi silichokanso usana ndi usiku, ndipo kamnofu kotukuka ka patsinde pa chala chachikulu kamayamba kuphwa. Kusiyana kwake ndi waya n'kwakuti mtsempha umaphukanso, koma umayenda pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi patsiku. Inu a nsalu tengani tepi muyeze kuchokera pa wotchi kufika kunsonga ya chala chapakati. Mupeza masentimita 17 kapena 18. Ndiye kuti miyezi 6 ikhoza kutha uthenga usanafike kunsonga, ndipo si timawaya tonse timene timafika.

Dzanja lathu lamanja linali litafika gawo lachitatulo. Kwa zaka pafupifupi zitatu vutoli linkatchulidwa mayina ena. Kwina ankati magazi sakuyenda bwino, kwina ankati ndi kutopa, n'kutipatsa mapiritsi opha ululu, ulendo n'kupitirira. Kumudzi ena ankati ndi nsanje ya pa geni. Dzina lake lenileni linadziwika tsiku limene dokotala wina wa mafupa anagogoda pa wotchi ndi chala chake, ife n'kumva ngati shoko ikuthamangira m'zala, kenako anatipinditsa dzanja kwa mphindi imodzi zala n'kuferatu. Nthawi imeneyo n'kuti zala zitatu zili dzanzi tsiku lonse. Foni inkagwa m'manja osadziwa, mabatani a malaya ankavuta, ndipo powerenga ndalama mapepala awiri ankadutsa ngati limodzi. Wa geni aliyense akudziwa kuti zimenezo ndi phindu la tsiku likupita.

Chimene chinatha msanga ndi ululu wa usiku. Sabata yoyamba yomweyo tinagona mpaka m'mawa, chinthu chimene tinali titachiiwala. Dzanzi ndiye silinasunthe. Mwezi woyamba, wachiwiri, wachitatu, zala zinali ngati za mtengo, moti mtima unayamba kunena kuti ndalama zapita pachabe. Cha m'mwezi wachinayi zinayamba zina, kubayabaya ngati singano, nthawi zina kashoko tikagunda dzanja pa chitseko cha basi, ndiponso khungu la zala linkanyansidwa ndi madzi ozizira. Tinathamangira kuchipatala poganiza kuti matenda abwerera, koma anatiuza kuti mtsempha ukamadzuka umatero. Cha m'mwezi wa 8 tinayamba kusiyanitsa kobiri ndi kiyi m'thumba osayang'ana. Kusinthaku kunapitirira pang'onopang'ono mpaka chaka ndi miyezi ingapo, kenako kunaima.

Pomwe kunaimirapo ndi pomwe tili lero. Chala chachikulu chimamva bwinobwino. Kunsonga kwa chamkombaphala ndi chapakati kumamva ngati tavala kapulasitiki kopyapyala. Zikuluzikulu timazimva, koma ulusi, singano kapena pepala limodzi lopyapyala zimafuna maso. M'nyengo yozizira, mu June ndi July, tikaima pamzere usiku pa Beitbridge kapena m'mawa pa Park Station, zala ziwirizi zimazizidwa msanga kuposa zinzake ndipo zimachedwa kufunda. Kamnofu ka patsinde pa chala chachikulu kanabwererako pang'ono, koma sikanadzaze ngati kale. Zaka 4 zadutsa, sizikuipiraipira, komanso sizikusinthanso.

Lamanzere linayamba pambuyo pake, ndipo poti matenda tinali tikuwadziwa, linaonedwa dzanzi likadali lobwera n'kuchoka. Poyamba anatipatsa chomangira dzanja chovala pogona, chothandiza kuti lisapindike usiku. Kenako anatibaya jakisoni wochepetsa kutupa, amene anathandiza miyezi ingapo vuto n'kubwerera. Titachitidwa opaleshoni, kunyerenyetsa konse kunatha m'masiku ochepa. Chimene chinatsala ndi kuwawa kwa chipsera basi. Lero dzanja limeneli timachita kuiwala kuti linadwalapo. Munthu ndi yemweyo, opaleshoni ndi yomweyo, chosiyana ndi nthawi imene mtsempha unakhala ukufinyika.

Ndiye mayi munafunsa aja, yankho lathu ndi ili. Ululu ndi kunyerenyetsa kwa usiku, kwa anthu ambiri kumatha msanga ndipo sikubwerera. Dzanzi losachoka limachedwa, limafuna miyezi, nthawi zina chaka kapena kupitirira, ndipo mwina lina limatsala moyo wonse. Tikafunsidwa ngati tikudandaula ndi dzanja lamanjali, timati ayi. Tinapezanso tulo, katundu sagwanso m'manja, ndipo chofunika kwambiri, kuwonongeka kunaima. Mtsempha umene wafika gawo lachitatu ukasiyidwa umapitirira kufa, mpaka chala chachikulu chimalephera kutsina. Chimene tikufuna mumve ndi chakuti nthawi yabwino yopita si pamene zala zaferatu, koma pamene dzanzi likadabwera n'kuchoka. Chinyengo cha matendawa n'chakuti akakula ululu umatha kuchepa, munthu n'kumati ndikupeza bwino, pamene ndi mtsempha ukuzima.

Pali kuwawa kwina kumene sitinauzidwe ndi anzathu, ndipo kumaopsa anthu pachabe. Ndi kuwawa kwa patsinde pa chikhatho, mbali zonse ziwiri za chipsera. Kumamveka ukatsamira dzanja podzuka pampando, pokwera m'thiraki, pokankha wilibala kapena pofinya zovala. Si matenda aja abwerera, ndi malo odulidwa akupola m'kati. Kwa ife kunatenga miyezi itatu dzanja lina, lina pafupifupi isanu. Mphamvu yogwira nayo imayamba yatsika isanakwere. Masabata oyambirira botolo la madzi limakukanika kutsegula, ndipo pamatha miyezi iwiri kapena itatu kuti ugwire ngati kale. Bala likapola, a mafizo anatiphunzitsa kusisita chipsera ndi mafuta kangapo patsiku, kukhudza nsalu zosiyanasiyana, ndi kupisa dzanja m'mbale ya mpunga kapena nyemba n'kumatolamo makobiri osayang'ana. Zimaoneka ngati masewera a ana, koma zimaphunzitsa ubongo kuwerenganso uthenga wa zala.

Kwa ife a maulendo, opaleshoniyi imafuna kuikonzera ngati mmene timakonzera ulendo wokapikula. Ulusi amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14, ndipo nthawi yonseyo bala lisanyowe kapena kuda. Pali anzathu amene amaganiza zochitira opaleshoni ku Joni kapena ku Dar poti ali komweko, mawa lake n'kukwera basi. Ganizani kaye za fumbi, thukuta, zimbudzi za m'njira ndi zikwama zotsitsa pa boda iliyonse. Ganizaninso kuti bala likatupa muli pakati pa Nyamapanda ndi Tete, akuoneni ndani. Chitirani komwe mungakhale masabata awiri osayenda, ndiponso komwe mungabwererekonso miyezi ikubwerayo. Madokotala a mafupa a m'zipatala zazikulu monga Queens ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe kapena UTH ku Lusaka ndi amene amaona zoterezi, ndipo njira yake imayambira kuchipatala cha kwanu kuti akulembereni kalata. Kulikonse kumene mwachitira, zonse zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo bukulo liziyenda limodzi ndi pasipoti.

Sankhani mwezi umene geni imazizira, osati November kapena December. Ikani padera ndalama ya mnyamata wonyamula katundu ya miyezi iwiri kapena itatu, muiwerengere ngati mbali ya mtengo wa opaleshoni. Ife ulendo woyamba titachira tinayenda ndi mwana wa achemwali, ntchito yathu inali kuloza ndi kulipira. Ngati manja onse akudwala, ambiri amachita limodzilimodzi, chifukwa kusamba, kuvala ndi kudzithandiza zimafuna dzanja limodzi labwino. Adalaivala, thiraki si galimoto yaing'ono. Munthu angathe kuyendetsa kagalimoto patatha masabata ochepa, koma kukoka tenti, kumanga malamba, kumasula tayala ndi kukhotetsa mwadzidzidzi pa mtsetse zimafuna dzanja logwira zolimba mopanda ululu. Adokotala amene akuchitani ndi amene anene tsiku lobwerera pamsewu, ndipo akulembereni kalata yopita kwa abwana. Kubisa dzanja lofooka poopa kuchotsedwa ntchito n'kuika moyo wanu ndi wa ena pangozi.

Kwa amene dzanzi lina latsala ngati ife, moyo umapitirira, kungoti umasintha timachitidwe tina. Ndalama timawerenga poyera, tikuyang'ana, ndipo mpukutu waukulu timaubwereza. Pepala la ndalama lokayikitsa, kaya ndi randi kaya dola, timalikhudza ndi dzanja lomva bwino. Posankha zitenje, kusiyanitsa thonje lenileni ndi nsalu yoterera, timagwiritsa ntchito dzanja lamanzere kapena kachala kakang'ono. Choopsa kwambiri ndi moto. Chala chosamva bwino chimapsa mwini wake asanadziwe, pa mbaula, pa kapu ya tiyi, pa poto. Adalaivala samalani ndi injini yotentha ndi ekizozi. Madzulo aliwonse yang'anani zala ngati zachekeka, chifukwa waya kapena lamba amatha kukucheka osamva, bala n'kuyamba mafinya uli m'njira. M'nyengo yozizira magolovesi asamachoke m'chikwama.

Tinenenso za anthu amene opaleshoni siinawathandize n'komwe, chifukwa nkhani zawo ndi zimene zimaopseza ena. Nthawi zina kalamba kaja kamakhala kuti sikanadulidwe konse, ndipo zimenezo zimatheka kukonza. Nthawi zinanso vuto limakhala kuti dzanzilo silinkachokera pa wotchi pokha. Tikudziwa adalaivala ena a matanka a ku Beira amene dzanzi lawo linali pa kachala kakang'ono ndi chinzake. Umenewo ndi mtsempha wina umene umafinyika pachigongono, ndipo kutsamira chigongono pawindo tsiku lonse kumauvutitsa. Ena vuto lili m'khosi, makamaka ife amene tasenza pamutu kuyambira tili ana. Ululu wake umatsika kuchokera m'khosi kudutsa paphewa mpaka m'zala. Ndipo ngati dzanzi linayambira kumapazi, mbali zonse ziwiri, n'kumakwera, kawirikawiri ndi mitsempha ya thupi lonse imene yadwala. Zoyambitsa zake ndi monga shuga, mowa wambiri, kuchepa kwa vitamini B12, mankhwala a TB otchedwa isoniazid, amene n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6, komanso HIV yeniyeniyo kapena ma ARV akale aja munali stavudine. Musasiye mankhwala aliwonse panokha, kauzeni a kuchipatala zomwe mukumva. Munthu angathe kukhala ndi mavuto awiri nthawi imodzi. Mayi wina wa zitenje amene timayenda naye ku Kariakoo ali ndi shuga. Opaleshoni inamuchotsera ululu wa usiku, koma zala zake zinachira pang'onopang'ono kuposa zathu, ndipo za kumapazi sizinasinthe poti sizinali za opaleshoniyo.

N'chifukwa chake musanavomere tsiku, funsani mafunso. Pemphani akuyezeni shuga. Auzeni adokotala zala zenizeni zimene zimachita dzanzi, linayamba liti, ndiponso ngati limachoka kapena ayi. Kumene kuli makina oyeza liwiro la uthenga mu mtsempha, kuyezako kumasonyeza kuti wawonongeka motani, ngakhale makinawo sapezeka chipatala chilichonse. Ndipo afunseni mosapita m'mbali kuti, kwa dzanja ili, chimene chithe n'chiyani ndipo chimene chingatsale n'chiyani. Munthu ukauzidwiratu, mwezi wachitatu uja sukutayitsa mtima.

Mukachitidwa, pali zina zosafunika kudikira tsiku la sikelo yanu. Bala likafiira, kutupa, kutuluka mafinya kapena thupi likatentha, pitani tsiku lomwelo. Ululu wa usiku ukakhala chimodzimodzi ngati simunachitidwe kanthu, kapena pakabwera dzanzi latsopano pomwe panalibe, bwererani. Dzanja lonse likamatentha ngati moto, kutupa, kusintha mtundu ndi kuuma zala, musalimbe nazo mtima, zimafuna thandizo msanga. Matendawa amatha kubwerera patapita zaka, ngakhale sizichitika kawirikawiri, choncho kudzuka usiku kukayambiranso kaonetseni. Ndipo ichi n'cha aliyense, wochitidwa opaleshoni kapena ayi. Dzanzi logwira mwadzidzidzi mkono wonse, pakamwa n'kupotoka kapena mawu n'kumavuta, imeneyo si carpal tunnel, ikhoza kukhala sitiroko. Imitsani galimoto, thamangirani chipatala chapafupi, kaya muli dziko la eni.

Za mapiritsi a m'ma pharmacy a m'njira ndi mafuta ogulitsa m'basi, tingonena kuti diclofenac ndi Brufen amaziziritsa ululu koma satakasula kanjira kaja, ndipo kumwa miyezi yambiri kumawononga m'mimba ndi impso. Mphini nazo sizifika pomwe pali vuto. Zonsezi zimangodya nthawi, pamene nthawiyo ndi imene mtsempha ukuisowa.

Ngati mukudzuka usiku kukutumula dzanja, ngati foni kapena chiwongolero zikukuchititsani dzanzi pa zala zitatu zija, kaonetseni ulendo uno mukafika kunyumba, musadikire kuti katundu athe kaye. Mwina simufunika n'komwe opaleshoni, chomangira cha usiku chokha chimathandiza ambiri matenda akadali aang'ono. Amene munachitidwa kale, lembani pansipa kuti papita nthawi yaitali bwanji, dzanzi linali lotani musanapite, ndipo latsala lotani lero, kuti mayi aja ndi ena amve kwa anthu ambiri osati ife tokha. Amene muli m'njira muyende bwino, Mulungu akutetezeni inu ndi katundu wanu.